Nyimbo Imodzi Sachezera Gule

Mathithi a Kapichira, m'boma la Chikwawa, ndiwo otsiriza pa mathithi onse a mtsinje wa Shire. Madzi akangodumpha miyala ya pamenepo, mtsinje umafatsa n'kuyamba kuyenda mwaulemu m'chigwa mpaka kukathira mu Zambezi. Kuyambira m'chaka cha 2000 pamalopa pamapangidwa magetsi, ndipo pamene namondwe wa Ana anagumula damu lake mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu zokwana pafupifupi mamegawati 130 usiku umodzi, kuzimazima kwa magetsi n'kusautsa mizinda mpaka m'chaka cha 2023. Nyali zimene zimawalitsa nsanja za zisudzo m'makoleji ndi m'sukulu za sekondale ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Lilongwe zimamwa nawo madzi a chigwa chimenechi. Komatu munthu atakhala pansi chaka chathunthu kuonerera zisudzo zoimba ndi makwaya a m'sukuluzo, angamve kangati Chisena chikutuluka pakamwa pa mfumu, pa mayi wolemekezeka kapena pa mnyamata wofunsira mbeta? Angamve kangati valimba akutsogolera nyimbo? Chigwa chimatumiza kumtunda magetsi, shuga, thonje ndi ng'ombe, ndipo zonsezi zimalandiridwa ndi manja awiri. Mawu ake okha ndiwo amabwezedwa pakhomo.

Mlandu umenewu uli pa amene amasankha sewero, pakuti wosankha sewero ndiye amasankhanso anthu. Mphunzitsi akangolengeza kuti chaka chino gulu lichita sewero lakutilakuti, ndiye kuti wagamula kale chinenero chimene chidzamveke, zida zimene zidzalire, mtsikana amene adzaime patsogolo ndi mnyamata amene adzangonyamula mipando. Kuyesa mawu kumene kumachitika pambuyo pake ndi mwambo chabe.

Ku America mkangano wotere ndi wakale. Makoleji ophunzitsa zisudzo zoimba kumeneko anatsegula makomo kwa ophunzira akuda, a ku Asia ndi a ku Latin America, koma kabati ya masewero inakhala yomwe ija: nkhani zolembedwa ndi azungu, zonena za azungu, m'mene wakuda amalowa ngati wantchito wa m'nyumba kapena woseketsa alendo. Mankhwala oyamba amene anayesedwa anali kugawa mbali za sewero mosayang'ana khungu. M'chaka cha 1996 August Wilson, katswiri wakuda wolemba masewero, anawakana mankhwalawo polankhula ku Princeton. Mfundo yake inali yakuti kupatsa munthu wakuda mbali yolembedwera mzungu kumabisa mbiri ya wakudayo, ndipo chofunika ndi mabwalo ndi masewero ochokera m'moyo wa anthu akuda eni ake. Sewero loimba la Hamilton, lolembedwa ndi Lin-Manuel Miranda, linabwera mu 2015 ndi njira ina: George Washington ndi Thomas Jefferson anaseweredwa ndi anthu akuda, ndipo nyimbo zake zambiri zinali za rap, zochokera m'misewu ya anthu omwewo. Anthu angakangane za amene analondola pakati pa awiriwa, koma onse anaona chinthu chimodzi, chakuti kusintha nkhope za pa nsanja osasintha nkhani ndi nyimbo sikutha mlandu.

Wina anganene kuti izi n'za kunja, kuno aliyense ndi wakuda. Wonena chotero sanawerenge anthu a dziko lake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, Achewa ndi pafupifupi 34, Alhomwe 19, Ayao 13. Asena ndi Amang'anja, amene ndiwo eni chigwa cha Shire, mtundu uliwonse uli ndi anthu oposa theka la miliyoni. Pali Amalawi a makolo ochokera ku India, pali a makolo osakanikirana, pali ana obadwira kuno a anthu othawa nkhondo. M'kalasi imodzi ya koleji onsewa amakhala pa benchi limodzi. Pa nsanja pokha ndi pamene dziko limachepa n'kusanduka la zinenero ziwiri.

Kuchepaku kuli ndi mbiri yake. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chaka chomwecho panakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo, kotero kuti sewero lililonse linkayenera kupita kwa akuluakulu ounika lisanaonetsedwe. Mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linayambitsa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale. Mpikisanowu suyenera kunyozedwa: ndiwo unatulutsa Du Chisiza Jr., amene anapambana mu 1982 n'kudzakhazikitsa gulu la Wakhumbata mu 1987. Koma cholinga chake chinali Chingerezi, ndipo mibadwo ya ana a sukulu inakula ikukhulupirira kuti sewero lenileni ndi la Chingerezi, la Chichewa ndi loseketsa, pamene la zinenero zina kulibe. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ndi Chilatini, Chigiriki ndi aphunzitsi achizungu okhaokha, inangosindikiza chidindo pa chikhulupiriro chimenechi. Chaka chomwecho gulu la zisudzo loyendayenda la Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linasonyeza njira ina potengera masewero a m'chinenero cha anthu mpaka ku Mbalachanda m'boma la Mzimba. Ndale zitasintha mu 1994 Chitumbuka chinabwerera pa wailesi, ndipo mu 1996 wailesi ya MBC inayamba kuwerenga nkhani m'Chisena, Chiyao ndi Chilhomwe. Wailesi inalapa zaka zambiri zapitazo, koma nsanja ya m'sukulu idakali chikhalire.

Kunena kuti munthu wa kuchigwa saoneka konse pa nsanja kungakhale kunama. Amaoneka, ndipo m'mene amaonekeramo ndimo muli chipongwe. Amalowa atavala chikhoti chong'ambika, chibonga kumanja, ali mlonda wa pa geti. Akangotsegula pakamwa holo yonse imagwa ndi phwete, asananene n'komwe chinthu choseketsa. Mnzake pa ntchito yomweyi ndi Mmwenye wa m'sitolo wolankhula Chichewa chothyokathyoka, amene sadziwa china koma kubera anthu pa sikelo. Ochita sewero amati ndi nthabwala chabe. Koma mu holomo muli mtsikana wa ku Ngabu kapena ku Bangula amene akumva kalankhulidwe ka agogo ake kakusekedwa ndi anthu mazana asanu, ndipo mawa lake adzayamba kupinda lilime kuti anzake asadziwe kwawo. Pofika Folomu 4 adzakhala atakhoza phunziro limene silili pa ndandanda ya maphunziro, lakuti chinenero cha kwawo n'cha kukhitchini. Nthabwala yopweteka yomweyi ikabwerezedwa zaka makumi atatu imaposa mkwapulo.

Njira ina imene chigwa chimaonekera ndi yonga ya mchere wa m'ndiwo. Alendo olemekezeka asanakhale pansi, gulu limavina utse kapena likhuba kwa mphindi zisanu. Kenaka ng'oma zimatulutsidwa msangamsanga, kiyibodi n'kulumikizidwa ku magetsi, ndipo wolengeza amati tsopano pulogalamu iyambe. Ndiye kuti zovina zija sizinali pulogalamu.

Nkhani ya kiyibodi ndiyofunika kuilongosola, chifukwa apa ndi pamene tsankho limabisala mu zinthu zooneka ngati za luso. Mwana aliyense wa kwaya amadziwa makwerero a d, r, m, f, s, l, t, d. Makwerero amenewa si ofanana kutalika: kuchokera pa m kufika pa f ndi kuchokera pa t kufika pa d pali theka la sitepe, pamene pena ponse pali sitepe yathunthu. Umu ndi m'mene Azungu anakonzera nyimbo zawo, ndipo kiyibodi inapangidwira makwerero amenewa. Asena anakonza mwina. Wim van Zanten, wofufuza wa ku Netherlands amene anayeza zida za oimba a kuchigwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anasonyeza m'zimene anafalitsa mu 1980 kuti valimba ndi bangwe a Asena amagawa mtunda womwewo m'masitepe asanu ndi awiri otalika pafupifupi mofanana. Tanthauzo lake n'lakuti nyimbo ya valimba ikaikidwa pa kiyibodi, mawu ake ambiri amagwera pakati pa mabatani, pamene palibe chala chingafike. Woimba kiyibodi amangosankha batani loyandikira, nyimbo n'kutuluka yovala suti ya mwini. Ndipo mwana amene khutu lake linakulira pa valimba akaimba monga anaphunzirira kwawo, woweruza mpikisano amalemba kuti wasemphana ndi nyimbo, pamene wasemphana ndi nyimbo ndi woweruzayo.

Valimba, amene ena amati ulimba, si chidole. Ndi timatabwa pafupifupi 20 tosemedwa mosamala, toyalidwa pa chimango, kalikonse kali ndi chikho chake pansi chokuza mawu. Pa chikhocho amaboola kabowo n'kumatapo kachikopa kopyapyala ka kangaude kuti liwu lizinjenjemera. Amuna atatu amakhala pa chida chimodzi, wina ku mawu aang'ono, wina pakati, wina ku mawu aakulu, manja awo akulukana mwaliwiro loti diso silingatsate, kang'oma ndi zisekese zikugwira nthawi. Gulu lotere likhoza kunyamula sewero la maola awiri popanda waya kapena batire. Ndiponso sewero loimba silinabwere ndi sitima. Nthano ya madzulo, m'mene wosimba amasintha mawu kukhala kalulu, kukhala njovu, kukhala mkazi wamasiye, n'kuyambitsa nyimbo imene omvera onse amavomera, ndi sewero loimba lathunthu, lokhala ndi kwaya yake. Koleji imene imaphunzitsa za Broadway koma osaona zimenezi ikufunafuna nkhwangwa imene ili paphewa.

Aphunzitsi ena amadandaula kuti nkhani zoti n'kuchita sewero lalikulu kulibe. Angoima pa Kapichira n'kuyang'ana uku ndi uku. Mu Januwale 1859 David Livingstone anafika pa mathithiwa ndi sitima yake ya Ma Robert, n'kupeza kuti msewu wa pamadzi umene ankaulota wathera pomwepo. Anadza ndi Amakololo, amuna ochokera kumtunda kwa Zambezi, m'dziko la mfumu Sekeletu. Mu 1861 anabweretsa amishoni a UMCA, amene anatsikira pa mudzi wa Chibisa. Bishopu Mackenzie anafera kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire pa 31 Januwale 1862. Njala yoopsa ndi nkhondo za ogwira akapolo zinapululutsa chigwa mu 1862 ndi 1863. Richard Thornton, mnyamata wofufuza za miyala, anamwalira mu Epulo 1863 ndipo manda ake ali kufupi ndi mathithi omwewa. Livingstone atachoka, kagulu ka Amakololo kanatsala ndi mfuti. Alendo aja, amene anabwera atasenza katundu wa mzungu, anasonkhanitsa anthu othawa njala ndi ukapolo, anakwatira akazi a Chimang'anja, anafooketsa ufumu wa Lundu ndipo anasanduka mafumu. Maina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima ndi a mafumu a m'boma la Chikwawa kufikira lero. Mu 1875 ndi iwo amene anasonkhanitsa amtengatenga mazanamazana kusenza sitima ya Ilala, yophwasulidwa m'zidutswa, kulambalala mathithi onse mpaka kumtunda kwa Shire. Mu 1884 George Fenwick, mzungu wamalonda, anawombera mfumu Chipatula pa mkangano, anthu a Chipatula n'kumupha iyenso ndi kumiza sitima ya Lady Nyassa. Mu Novembala 1889 Amakololo anamenyana ndi asilikali a Serpa Pinto wa ku Portugal, ndipo mkangano umene unabuka pakati pa London ndi Lisbon unathandiza kuti dziko lino ligwe m'manja mwa Angerezi mu 1891.

Kodi wolemba sewero angafunenso chiyani? Muli njala, chikondi cha mlendo ndi mwana wa eni dziko, kusakhulupirika, kuphana pa malonda. Mulibe woyera mtima wopanda banga: Amakololo anateteza anthu kwa ogwira akapolo, koma analamuliranso mwankhanza, amishoni anamasula akapolo, koma anagwiranso mfuti. Chachikulu n'chakuti sewero lotere silingatheke m'chinenero chimodzi popanda kunama. Mfumu ya Chimang'anja, wopalasa bwato wa Chisena, wamalonda wa Chiyao, msilikali wolankhula Chipwitikizi ndi mmishoni wa Chingerezi, aliyense ayenera kulankhula ndi kuimba zake, ndipo kusamvana kwawo ndiyo nkhaniyo. Pamenepo mtsikana wa ku Bangula uja amasanduka katswiri amene gulu lonse likumudalira. Livingstone aseweredwe ndi wophunzira aliyense waluso, popanda kumupaka ufa kumaso, pakuti kupaka ufa ndi mchimwene wake wa mwambo wonyansa uja wa Azungu a ku America wodzipaka makala ponyoza akuda. Zaka za pambuyo pake nazo n'zodzaza: Asena othawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi nkhondo ya Makombe ya 1917, Amwenye amene analamulidwa m'zaka za m'ma 1970 kusiya masitolo a kumidzi n'kupita m'mizinda, antchito a mitundu yonse odula nzimbe ku Nchalo, othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anadzaza Nsanje mpaka mtendere wa 1992.

Otsutsa ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina n'zomveka. Amati mayeso a MSCE salola munthu kukhoza popanda Chingerezi, choncho zisudzo zithandize Chingerezi. Palibe akuti masewero a Chingerezi athetsedwe. Shakespeare akhale, nyimbo za kwaya za ku Ulaya zikhale. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chokanidwa n'chakuti mlendoyo agone m'chipinda cha mwini nyumba chaka ndi chaka, mwini nyumba ali pakhonde.

Amatinso anthu sadzamva Chisena. Nanga pamene gulu la Lucky Stars linkaimba m'Chisena, kapena pamene malemu Joseph Tembo wa ku Chikwawa anagwedeza dziko ndi nyimbo za m'chinenero chomwecho, anavina ndi Asena okha? Amalawi avina nyimbo za Chilingala kwa zaka zambiri osamva liwu n'limodzi lomwe. Sewero loimba la King Kong, la nyimbo za Todd Matshikiza, m'mene Miriam Makeba anatchukira, linayamba kuonetsedwa mu 1959 mu holo ya yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg pamaso pa akuda ndi azungu, tsankho lili pachimake. Sarafina! la Mbongeni Ngema, lodzala ndi nyimbo za Chizulu, linafika ku Broadway mu 1988. Ngati anthu a ku New York analipira ndalama kumvera Chizulu, a ku Zomba sangakomoke ndi Chisena.

Chifukwa chachitatu ndicho chakale kwambiri: kuti kuika zinenero zambiri pa nsanja kudzutsa tsankho la mitundu. Ili linali bodza la m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo zisankho za 1994, m'mene anthu anavota motsata zigawo, zinasonyeza kuti zaka 26 za chinenero chimodzi pa wailesi sizinaphe tsankho, zinangoliphimba. Olamulira amadziwa bwino mphamvu ya sewero la m'chinenero cha anthu. Ku Kenya, Ngugi wa Thiong'o analemba m'Chingerezi kwa zaka zambiri ali mfulu, koma atachita sewero la m'Chigikuyu ndi anthu a m'mudzi wa Kamiriithu mu 1977 anatsekeredwa popanda mlandu, ndipo mu 1982 bwalo la mudziwo linagwetsedwa. Chimene chimagawa anthu ndi kuona mtundu umodzi uli mfumu pa nsanja, wina uli mlonda.

Pali chenjezo limodzi loona. Si zonse za kuchigwa zimene zingakwere pa nsanja. Nkhani ya Mbona, woitana mvula amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndi chipembedzo cha anthu amoyo. Steve Chimombo anaigwiritsa ntchito m'sewero lake la The Rainmaker, lofalitsidwa mu 1978, ndipo anachita bwino kusonyeza kuti nkhani za kuno zikhoza kusenza sewero lalikulu, ngakhale kuti analemba m'Chingerezi, chimene osunga kachisiwo ambiri sakanatha kuwerenga. Gulu lofuna kukhudza za Mbona liyambe lagwada kwa eni ake n'kufunsa chimene chingaonetsedwe ndi chimene sichingatuluke m'nkhalango. Kufunsa kotere ndi mbali ya maphunziro, ndipo sikungakhale chifukwa chothawira chigwa chonse.

Chodabwitsa n'chakuti akunja anachita kale mbali ya ntchitoyi. Limodzi mwa mabuku akuluakulu oyamba otanthauzira mawu a chinenero chimene lero chimatchedwa Chichewa linali la Chimang'anja, lolembedwa ndi David Clement Scott wa ku Blantyre Mission mu 1892. Hugh Tracey anajambula nyimbo za Amang'anja m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Zida zophunzitsira nazo zilipo: yunivesite ya Malawi ku Zomba yakhala ikuphunzitsa zisudzo ndi nyimbo kwa zaka zoposa 40, ndipo yunivesite ya MUST ku Thyolo imaphunzitsa za nyimbo za mu Africa. Chosowa ndi lamulo la m'nyumba. Koleji iliyonse yophunzitsa zisudzo kapena aphunzitsi idzikakamize kuti pa masewero ake a pachaka, limodzi likhale la m'chinenero chimene si Chingerezi kapena Chichewa, losinthanasinthana: Chisena, Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe, Chitonga, Kyangonde. Okonza mipikisano ya sekondale atsegule gawo la zisudzo zoimba za zida za makolo, ndipo pa tebulo la oweruza pakhale munthu amene anakulira pa zidazo. Woweruza achotse malikisi pa sewero limene nthabwala yake yonse ndi kalankhulidwe ka mtundu wina. Ndipo woimba valimba wa ku Nsanje aitanidwe monga mphunzitsi, alembedwe pa ndandanda ya maphunziro, alipidwe monga amalipidwira wophunzitsa kiyibodi, osati kumutenga pa lole tsiku la chikondwerero n'kumubweza madzulo ndi botolo la chakumwa. Amisiri odziwa kusema timatabwa tija ndi kutchera mawu ake ndi khutu lokha akukalamba, ndipo kuchokera ku Blantyre kutsika zitunda mpaka pa mlatho wa ku Chikwawa ndi ulendo wa makilomita osapitirira 50.